Mmene Mungasankhire Pakati pa Tochi ya LED Yotchipa ndi Yodula

Matochi awiri a LED akhoza kufanana kukula ndi kaumbidwe, onse n'kumathobwa m'maso mukangowayatsa, koma mtengo wa tochi imodzi n'kuposa wa inzake kangapo konse. Wogula amene wawayesa kwa masekondi ochepa saona chifukwa cholipirira zambiri, ndipo sitingamunene, pakuti m'masekondi oyambawo kusiyana kumakhaladi kochepa. Tibabu ta LED tinatsika mtengo kwambiri, moti ngakhale tochi yotchipa imawala mwamphamvu ikakhala ndi mabatire atsopano. Ndalama zoonjezerazo zimapita ku zinthu zimene zimaoneka mochedwa: kuwala kosatsika pakatha ola, thupi losalowa madzi, swichi yosafa msanga, ndi manambala oona pa bokosi. Zonsezi munthu akhoza kuzifufuza yekha popanda zida za akatswiri, ndipo akazifufuza amapeza kuti zina mwa izo zilipo ndithu m'matochi ena otsika mtengo, pamene matochi ena okwera mtengo alibe. Ndondomeko ili m'munsiyi ikuyamba ndi zimene mungachite musanaone tochi n'komwe, n'kufika pa mayeso amene mungachite tochiyo ili m'manja mwanu.

Choyamba, dziwani ntchito imene tochiyo idzagwire

Ganizirani ntchito ziwiri kapena zitatu zimene mudzaigwiritsire kawirikawiri, chifukwa ntchitozo ndi zimene zikuuzeni kuchuluka kwa kuwala kofunika. Kuwala konse kotuluka mu tochi kumayezedwa m'malumeni. Munthu woyenda m'nyumba usiku osafuna kudzutsa ena amukwanira malumeni 1 mpaka 5, wowerenga kapena wokonza chinthu patebulo amafuna pakati pa 30 ndi 100, ndipo woyenda panja m'njira yamdima amaona bwino ndi 150 mpaka 300. Malumeni 1,000 ndi kuposerapo ndi a munthu wofunafuna chinthu patali, ndipo nthawi zambiri amafunika kwa mphindi zochepa chabe. Dziwaninso kuti diso silizindikira kuwala molingana ndi manambala: kuti tochi ioneke yowala kawiri, malumeni ayenera kuchuluka pafupifupi kanayi. Kusiyana kwa malumeni 800 ndi 1,000 n'kovuta kukuona ndi maso, choncho musaonjezere ndalama chifukwa cha kusiyana kotere.

Funso lachiwiri ndi lolemera kuposa loyambali: chingachitike n'chiyani tochiyo itazima mwadzidzidzi? Ngati yankho ndi lakuti mudzapapasa pang'ono n'kuyatsa ya pa foni, ndiye kuti tochi yotchipa yosankhidwa bwino ikukwanirani. Ngati yankho ndi lakuti mudzatsala mumdima pamalo oopsa, kapena ntchito imene mumadalira idzaima, sungani yankho limeneli, chifukwa lidzakuthandizani pogamula.

Chachiwiri, werengani manambala a pa bokosi mosakhulupirira msanga

Opanga matochi odalirika amatsata muyezo wotchedwa FL1, umene unakhazikitsidwa mu 2009 ku United States pansi pa mabungwe a ANSI ndi NEMA. Yang'anani ngati dzina limeneli lili pa bokosi kapena pa kapepala ka malangizo. Palibe lamulo lokakamiza kampani kuutsata, ndipo kampani imadziyezera yokha katundu wake, komabe muyezowu umakuuzani tanthauzo la nambala iliyonse, kotero kuti matochi awiri angayerekezedwe mwachilungamo.

Malinga ndi muyezowu, malumeni amayezedwa pakati pa masekondi 30 ndi mphindi 2 kuchokera pamene tochi yayatsidwa, batire lili lodzadza. Nthawi yoyaka imawerengedwa mpaka pamene kuwala kwatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10 a kuwala koyamba, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amasochera. Bokosi likalembedwa kuti malumeni 1,000 kwa maola 4, silikulonjeza kuti mudzakhala ndi malumeni 1,000 kwa maola onse anayiwo. Tochiyo ikhoza kuwala choncho kwa mphindi ziwiri zokha, n'kutsika kufika pa 300, kenako n'kumazirala pang'onopang'ono mpaka kufika pa 100 ola lachinayi likamatha, ndipo wopangayo sananame. Kampani yosabisa zinthu imajambula mzere wosonyeza mmene kuwala kumatsikira, kapena imalemba nthawi ziwiri, ya kuwala kwamphamvu payokha ndi ya kuwala kotsika payokha. Mukaona zimenezi, dziwani kuti wopangayo anayezadi.

Nambala ya mamita, yonena mtunda umene kuwala kumafika, imachokera ku makandela, amene amayeza mphamvu ya kuwala kwa pakatikati penipeni pamene tochi yaloza. Tochi ya malumeni ochepa imene imasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi imafika patali kuposa ya malumeni ambiri imene imamwaza kuwala ponseponse. Mtunda wolembedwa pa bokosi ndi pamene kuwala kwatsika kufika pa 0.25 lux, kumene ndi pafupifupi kuwala kwa mwezi wathunthu usiku wopanda mitambo. Mukhoza kutsimikizira nokha ngati manambala akugwirizana: pezani nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imabweretsa makandela olembedwawo, kenako muichulukitse kawiri. Makandela 10,000 amapereka mamita 200, ndipo makandela 40,000 amapereka mamita 400. Ngati bokosi likunena makandela 5,000 koma likulonjeza kilomita yathunthu, nambala imodzi ndi yabodza. Pa mtunda wolembedwawo mumangoona kuti pali chinthu. Kuti muzindikire kuti ndi chiyani, werengerani theka la mtundawo kapena kucheperapo.

Tsopano yesani malumeni ndi masamu osavuta. LED ya mu tochi imatulutsa pafupifupi malumeni 100 mpaka 150 pa wati imodzi ya magetsi. Tochi yolembedwa kuti malumeni 100,000 ikufunika mawati oyandikira 1,000, mphamvu yonga ya simbi yamagetsi yositira zovala, pamene mabatire atatu a AAA onse pamodzi sasunga mphamvu yopitirira 5 Wh (mawati 5 kwa ola limodzi), imene pa mlingo umenewo ingathe masekondi 20 asanakwane. Matochi a malumeni 100,000 alipodi, monga Imalent MS18, koma imeneyo ili ndi tibabu 18, mafani oziziritsa ndi mabatire akuluakulu, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu awiri. Katochi kolowa m'thumba kokhala ndi kababu kamodzi kakalembedwa nambala yotere, musataye nthawi ndi manambala ake ena onse, chifukwa wonama pa malumeni sanganene zoona pa madzi kapena pa batire.

Chachitatu, tsegulani muone batire

Matochi otchipa ambiri amayendera mabatire atatu a AAA oikidwa m'kachotengera ka pulasitiki. Kachotengerako kali ndi tizitsulo ndi timasipuling'i tambiri, ndipo paliponse pamene zitsulo zakhudzana ndi pamene pangachite dzimbiri kapena kukhwefuka. Tochi imene imafuna kugogodedwa padzanja kuti iyake, vuto lake nthawi zambiri limakhala pamenepa. Mabatire ang'onoang'ono oterewa amafookanso msanga akamakokedwa magetsi ambiri, kotero kuti tochi imene inali yowala madzulo imakhala itazirala pakati pa usiku.

Matochi amphamvu amagwiritsa ntchito mabatire a lithium-ion otchajidwa, makamaka 18650 ndi 21700. Manambala amenewa amanena kukula: 18650 ndi mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Batire lotere limagwira ntchito pa mavolti 3.6 kapena 3.7, ndipo likadzadza limafika pa 4.2. Opanga odziwika, monga Samsung, LG, Panasonic, Murata ndi Molicel, amapanga 18650 yosunga pakati pa 2,500 ndi 3,500 mAh (muyezo wa kuchuluka kwa moto umene batire limasunga), ndipo ya 3,500 mAh imakhala ndi mphamvu yopitirira 12 Wh, kuposa kawiri ya mabatire atatu a AAA aja. Palibe 18650 yoona imene imafika pa 6,000 kapena 9,900 mAh, ngakhale manambala amenewa amalembedwa kwambiri pa mabatire obwera limodzi ndi matochi otchipa. Ngati muli ndi sikelo yaing'ono, liyezeni: 18650 yabwino imalemera pafupifupi magalamu 45 mpaka 50, ndipo imene yapepuka kwambiri kuposa apa ndiye kuti m'kati mwake muli zochepa. Batire la 21700 lalikulu bwino limasunga pafupifupi 5,000 mAh ndipo limalemera pafupifupi magalamu 70.

Batire lachinyengo silingotha msanga chabe, limakhalanso loopsa, chifukwa lithium-ion yopangidwa mosasamala kapena yotoledwa m'zipangizo zakale n'kuikutanso pepala latsopano ikhoza kutentha ndi kuyaka potchaja. M'kuona kwanga, apa ndi pamene munthu sayenera kuumira ndalama ngakhale pang'ono. Tochi yotchipa yokhala ndi batire loona ndi yabwino kuposa tochi yooneka bwino yokhala ndi batire losadziwika kumene lachokera.

Onaninso ngati batire limachotsedwa. Matochi ena, otchipa ndi odula omwe, ali ndi batire lomatiriridwa m'kati, kotero kuti batire likafa pakatha zaka zingapo, tochi yonse yafa. Makampani ena odula amapanga mabatire ndi matchaja a mtundu wawo wokha, zimene zimakumangirirani kwa iwo nthawi zonse pamene mukufuna chosinthira. Amene sakufuna kuvutika ndi lithium-ion asankhe tochi ya AA imodzi kapena ziwiri, n'kugula mabatire otchajidwa a NiMH osataya moto msanga, monga Eneloop, amene amasunga pafupifupi 1,900 mAh; kuwala kwake kumachepa, koma ndi njira yosavuta ndiponso yotetezeka. Ngati tochi imatchajidwa kudzera pa USB-C, iyeseni ndi waya wokhala ndi USB-C mbali zonse ziwiri, chifukwa zipangizo zina zotchipa zilibe tizida tiwiri tating'ono timene timauza tchaja kuti iyambe kupereka magetsi, ndipo zimangotchajika ndi waya wa USB-A.

Chachinayi, igwireni m'manja ndi kuiona mbali iliyonse

Masulani chivindikiro chakumbuyo pang'onopang'ono, mukumvetsera. Pa tochi yopangidwa bwino chivindikiro chimazungulira mosalala, mizere yomangira imakhala yakuya ndi yopakidwa girizi pang'ono, ndipo mumamva kulimba pamene chikudutsa pa kamphira kozungulira kotchedwa O-ring. Pa tochi yopangidwa mothamanga chivindikiro chimalira ngati muli mchenga, chimagwedera chisanafike kumapeto, ndipo kamphirako kamakhala kopyapyala, kouma, kapena kulibiretu. Yang'anani m'kati mwa chivindikirocho: sipuling'i yonenepa yomatidwa bwino imapititsa magetsi ambiri ndipo imagwira batire tochi ikagwa, pamene kawaya kopyapyala kamatentha ndi kufooka.

Gogodani galasi la kutsogolo ndi chikhadabo. Galasi lenileni limamveka louma ndipo silikandika msanga, pamene pulasitiki imakandika m'thumba n'kuchita chifunga pakapita nthawi. Suzumirani tochi ili yozima, muone ngati kababu kali pakatikati pa kambale konyezimira, ndiponso ngati m'kati mulibe fumbi kapena zidindo za zala. Thupi la aluminiyamu ndi loyenera kuposa la pulasitiki pa tochi yamphamvu, chifukwa limatulutsa kutentha. Mawu akuti HA III amatanthauza kuti khungu la aluminiyamuyo linalimbitsidwa ndi magetsi kuti lisasupuke msanga, pamene utoto wamba umayamba kuchoka m'mbali tochi ikangokhala limodzi ndi makiyi.

Matochi amene mutu wake umakokedwa kuti kuwala kukule kapena kuchepe amakopa ogula kwambiri, koma ndi amene ndingakuchenjezeni nawo. Mutu ukakokedwa kuti kuwala kufike patali, gawo lalikulu la kuwala limatsalira m'kati mwa mutuwo osatuluka, ndipo kukoka ndi kukankha kumapopera mpweya, fumbi ndi chinyezi m'kati. Makampani ochepa, monga Ledlenser ya ku Germany, anaikapo luso lalikulu pa magalasi a mtundu umenewu, koma mwa otchipa ambiri ndi chidole chabe.

Za madzi zimalembedwa ndi zilembo za IP, zochokera mu muyezo wa IEC 60529. IPX4 ndi yopirira madzi owaza, monga mvula wamba. IPX7 ndi yopirira kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30, ndipo IPX8 ndi yopirira kuposa pamenepo, malinga ndi zimene wopanga walemba. Nambala 6 mu IP68 imatanthauza kuti fumbi sililowa. Bokosi longonena kuti tochi siilowa madzi popanda nambala silinalonjeze kanthu, ndipo nambala yapamwamba pa tochi yopanda O-ring kapena yokhala ndi kachitseko kokhwefuka pa malo otchajira ndi yongolemba.

Chachisanu, iyatseni ndi kuona khalidwe la kuwala

Dinani swichi kangapo muone mndandanda wa milingo ya kuwala. Matochi otchipa ambiri amayamba ndi kuwala kwamphamvu, kenako kwapakati, kotsika, kophethira ndi chizindikiro cha SOS, ndipo ena amakukakamizani kudutsa milingo yonseyi kuti muzimitse. Ena amadumphira pa mlingo wotsatira nthawi iliyonse mukayatsa, kotero kuti simudziwa chimene chituluke. Masana ichi chimaoneka chaching'ono, koma usiku uliwonse chimatopetsa. Tochi yoganiziridwa bwino imabisa kuphethira kuti kuzibwera pokhapokha mwakufuna, imakumbukira mlingo umene munasiyira, ndipo imakhala ndi mlingo wotsika kwambiri wa lumeni imodzi kapena kucheperapo, umene umatha kuyaka masiku angapo pa batire limodzi.

Kenako onani mtundu wa kuwala. Kuwala koyera kwa LED kumachokera ku kababu kotulutsa kuwala kwabuluu kokutidwa ndi mankhwala achikasu otchedwa phosphor. LED yabuluu yowala bwino inatheka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha ntchito ya Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2014, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ubwino wa kuwala koyera umadalira kwambiri mankhwala okutirawo. Tibabu totchipa timakonda kutulutsa kuwala kobiriwira ngati thambo, kwa 6,500 K kapena kuposa (K ndi muyezo wa mtundu wa kuwala: nambala ikakwera, kuwala kumapita kwa buluu), kumene kumaoneka kwamphamvu pakhoma koma kumabwerera m'maso mukakhala mu fumbi, utsi kapena chifunga. Kuwala kwa 4,000 mpaka 5,000 K sikutopetsa maso kwambiri ndipo kumaonetsa bwino nthaka ndi zomera. Nambala ya CRI imanena mmene kuwala kumaonetsera mitundu ya zinthu: matochi wamba amakhala pafupifupi pa 70, pamene tibabu tina, monga Nichia 519A, timapitirira 90. Walitsani pachikhatho chanu kapena pa mawaya awiri, wofiira ndi wabulauni. Pa CRI yotsika khungu limaoneka lotuwa ndipo mawayawo amayandikira kufanana, chimene kwa wokonza magetsi kapena woyang'ana bala si nkhani yaing'ono.

Pomaliza pa gawoli, ikani tochi pa mlingo wotsika, muigwedeze mofulumira mumdima, kapena muwalitse pa madzi otuluka pampopi. Mukaona madontho odukaduka m'malo mwa mzere umodzi wa kuwala, ndiye kuti tochiyo imachepetsa kuwala poyatsa ndi kuzimitsa kababu mofulumira, njira yotchedwa PWM. Ikakhala yothamanga kwambiri siivuta, koma yochedwa imapweteketsa ena mutu ndipo imajambula mizere pa kamera ya foni.

Chachisanu ndi chimodzi, chitani mayeso a ola limodzi

Mayeso awa ndi amene amaulula zimene bokosi labisa, ndipo ndi bwino kuwachita nthawi yobwezera katundu isanathe. Dzadzani batire kapena ikani mabatire atsopano. Lowani m'chipinda chamdima chokhala ndi denga loyera, imikani tochi patebulo italoza kudenga, ndipo pambali pake ikani foni yoyang'ana kumwamba yokhala ndi pulogalamu yoyeza kuwala mu lux. Yatsani tochi pa mlingo wapamwamba, ndipo lembani nambala ya pa foni pakatha masekondi 30, mphindi 2, 5, 10, 30 ndi 60, osasuntha tochi kapena foni, ndiponso mukuimirira pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse. Foni siikuuzani malumeni enieni, koma ikuonetsani bwino mmene kuwala kukutsikira, ndipo mukaimika tochi ina pamalo omwewo mudziwa kuti yowala kuposa inzake ndi iti, ndiponso ndi kangati.

Manambala anu atsata imodzi mwa njira ziwiri. Ngati akutsika mosalekeza kuyambira pachiyambi, ndiye kuti kababu kakungolandira magetsi molingana ndi mphamvu imene yatsala m'batire, ndipo umu ndi mmene matochi otchipa ambiri amapangidwira. Ngati atsika kamodzi pakatha mphindi zochepa kenako n'kukhazikika kwa nthawi yaitali, ndiye kuti m'mutu mwa tochi muli kabodi kamagetsi, kotchedwa driver, kamene kakupereka magetsi ofanana kwa kababu ngakhale batire likuchepa mphamvu. Kutsika koyambako si vuto; ndi tochi yodziteteza ku kutentha. Nambala imene yakhazikikayo ndiyo kuwala kwenikweni kwa tochi yanu, ndipo ndi imene muyenera kuyerekezera ndi ya tochi ina. Si zachilendo kupeza tochi yolembedwa malumeni ochepa ikuwala kuposa yolembedwa ambiri mphindi 10 zikatha.

Gwirani mutu wa tochi nthawi ndi nthawi. Thupi la aluminiyamu likafunda, ndiye kuti kutentha kukuchoka pa kababu n'kutuluka kunja, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Tochi yowala kwambiri imene kunja kwake kukuzizirabe ikusunga kutenthako m'kati, kumene kumafupikitsa moyo wa kababu. Ikatentha mpaka kukanika kuigwira koma kuwala osatsika, izimitseni, chifukwa ilibe chodzitetezera. Ngati imayendera lithium-ion, onaninso zimene imachita batire likamatha: yabwino imachenjeza pophethira kapena kutsitsa kuwala, kenako n'kudzizimitsa, pamene yosasamala imakama batire mpaka kutsika pansi pa mavolti 2.5, zimene zimaliwononga.

Chachisanu ndi chiwiri, gamulani

Mukafika apa muona kuti matochi ali m'magulu atatu, osati awiri. Gulu loyamba ndi la otchipa opanda dzina lodziwika, a manambala okokomeza. Gulu lachiwiri ndi la otsika mtengo koma opangidwa moona mtima, monga a Convoy, Sofirn ndi Wurkkos, amene amagwiritsa ntchito tibabu ta Nichia, Luminus, Samsung kapena Cree, tofanana ndi topezeka m'matochi odula. Gulu lachitatu ndi la odula, monga a Fenix, Nitecore, Streamlight ndi SureFire. Dziko limene tochi yapangidwa silikuuzani gulu lake, pakuti Fenix ndi Nitecore ndi makampani a ku China monganso opanga otchipa ambiri. Kusiyana kwa gulu loyamba ndi lachiwiri n'kwakukulu kwambiri, pamene kwa lachiwiri ndi lachitatu n'kocheperako, ndipo kwa munthu wofuna tochi ya panyumba, ya m'galimoto kapena ya paulendo, gulu lachiwiri ndi limene limabweza ndalama zake mokwanira.

Gulu lachitatu limaposa pa zinthu zosaoneka ndi maso: kufufuza katundu asanatuluke m'fakitale, swichi yoyesedwa kuti ipirire kudinidwa kambirimbiri, chitsimikizo cha zaka zingapo, zida zosinthira, ndipo m'matochi ena kabodi kamagetsi kamakutidwa ndi utomoni wolimba kuti kasagwedezeke tochi ikagwa pa simenti. Izi ndi zoyenera kulipirira ngati yankho lanu pa funso la kuzima mwadzidzidzi linali loopsa, kapena ngati tochi imagwira ntchito usiku uliwonse, monga ya mlonda, wozimitsa moto kapena wopulumutsa anthu. Werengani mawu a chitsimikizocho musanachidalire, chifukwa nthawi zambiri sichikhudza batire, ndipo ngati kutumiza tochi kokakonzedwa n'kovuta, phindu lake limachepa.

Pali ntchito ziwiri zimene mtengo suyenera kulowapo m'maganizo. Pamalo pamene pali gasi, mafuta kapena fumbi lotha kuyaka, monga m'migodi ndi m'malo osungira mafuta, pamafunika tochi yovomerezeka ndi muyezo wa ATEX kapena IECEx, ndipo tochi wamba, ngakhale yodula bwanji, siingalowe m'malo mwake. Wosambira pansi pa madzi nayenso amafunika tochi yopangidwira ntchito imeneyo, chifukwa IPX8 payokha siilonjeza kupirira kuya kwakukulu. Kwa ena onse, matochi awiri a gulu lachiwiri, imodzi yoyenda nayo ndi ina yodikirira, amateteza ku mdima kuposa tochi imodzi yodula imene ingaiwalike kapena kutha moto.

Mukagula, isamaleni motere

Matochi a swichi yamagetsi, ija yofewa ya pambali, amamwa moto pang'onopang'ono ngakhale ali ozima, ndipo amatha kudziyatsa okha m'chikwama. Ambiri a aluminiyamu amaduka magetsi mukamasula chivindikiro pang'ono chabe, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kwake; yesani ngati yanu imatero, ndipo chizolowezi chimenechi chidzateteza batire ndi chikwama chomwe. Pukutani mizere yomangira ndi kansalu kouma ikada, n'kupaka girizi wa silikoni pang'ono pa O-ring, osati mafuta a galimoto, amene amatupitsa mphira wina. Batire la lithium-ion musalinyamule m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo, musaligwiritse ntchito pepala lake lakunja likang'ambika, ndipo musalisiye pa tchaja popanda woyang'anira. Ngati likhale miyezi osagwira ntchito, lisungeni pamalo ozizira lili ndi moto wa theka.

Tochi yosungira zadzidzidzi musaisiye ndi mabatire a alkaline m'kati, chifukwa amatha kutayikira mankhwala amene amadya zitsulo ndi kumatirira batire m'thupi la tochi. Ikani mabatirewo pambali pake, kapena gwiritsani ntchito NiMH yosataya moto msanga, kapena mabatire a lithium osatchajidwa, monga CR123A pa matochi opangidwira amenewo, amene amasungika pafupifupi zaka 10. Mukapeza ufa woyera pa sipuling'i, valani magolovesi, upukuteni ndi thonje loviika mu viniga pang'ono, mupukutenso ndi thonje la madzi oyera, ndipo dikirani kuti m'kati muume musanaike mabatire ena.